Woimba amene simumukonda, kamuonereni kamodzi

Alimi anzanga, zokolola zikalowa m'nkhokwe, kachewere, nyemba ndi kabichi zikayamba kutsikira ku misika ya Lizulu, Tsangano ndi Kampepuza, pamitengo ya m'mbali mwa msewu ndi pazipupa za magolosale pamayamba kuoneka mapepala olengeza zoimbaimba. Woimba wakutiwakuti akubwera Loweruka, pakhomo ndi ndalama zakuti. Oimbawa kalendala ya mlimi amaidziwa bwino. Sabwera mu Januwale kapena mu Febuluwale pamene m'matumba mwathu mwauma, amadikira kuyambira Juni mpaka Okutobala. Tsono mlimi amaima, n'kuwerenga dzina lili papepalapo, ndipo likakhala kuti si la woimba wake wapamtima amapukusa mutu n'kupitiriza ulendo. "Ameneyo ine sindimukonda." Nkhani yathera pomwepo.

Lero ndikupempha kuti titule kaye makasu, tikambirane za mawu amenewa akuti "sindimukonda". Maganizo anga ndi akuti kamodzi pachaka, mutapatula kale ndalama ya mbewu, feteleza ndi fizi ya ana, mutenge kangachepe pa zotsalazo mukalipire pakhomo pa woimba amene simumudziwa, kapenanso amene mwakhala mukunena kuti simumukonda. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti mlangiziyu wasowa cholemba. Ndipirireni, chifukwa inenso ndidali m'gulu la opukusa mutu mpaka tsiku limene lole idandifera panjira.

Tsiku limene lole idafa

Ine ndidakulira m'nyumba ya makaseti a ku Balaka. Pamene Lucius Banda ankatulutsa chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man mu 1994 n'kuti ndisanayambe sukulu, koma kaseti imeneyo, pamodzi ndi za Paul Banda ndi Alleluya Band, ndi zimene zidandilera makutu. Kwa ine nyimbo yeniyeni inkayenera kukhala ndi kiyibodi, gitala yamagetsi ndi mawu osalala. Nditapita ku Bunda kukaphunzira zaulimi ndidaonjezerapo nyimbo zakunja, ndipo ndidabwerako ndi kamtima konyoza. Nyimbo za banjo ndi zigubu ndinkaziyesa za pamowa wa masese, zoti munthu wopita kusukulu sangaime kuti azimvere.

Zaka zingapo zapitazo, m'mwezi wa Julayi, kalabu ina ya alimi a kachewere cha ku Tsangano idandiitana kuti ndikaone mbewu yawo imene inkaola ili m'nyumba yosungiramo. Ntchitoyo tidaimaliza masana, koma lole imene ndinkayembekeza kuti inditsitse mpaka pamsewu wa tala idafa, ndipo makaniko adanenetsa kuti chitsulo chake chifika mawa. Amene adagonako kumapiri kumeneko mu Julayi akuidziwa mphepo yake. Wapampando wa kalabuyo, bambo wachikulire wa imvi zake, adanditenga kuti ndikagone kwawo.

Tikudutsa pamsika tidapeza mpanda wa udzu ndi masaka, khomo lake atatchinga ndi chitenje, mnyamata atakhala pachitsa ndi mbale yolandirira ndalama. M'katimo munkamveka banjo. Ndalama ya pakhomo idali yosaposa mtengo wa milu iwiri ya tomato.

"Alangizi, tiyeni tilowe tikaothe nyimbo, kunyumba moto sanakoleze," adatero bambo aja.

"Pepani bambo, lowani ine ndikudikirani panja pano. Nyimbo zoterezi sindizikonda."

"Mudazimvera kuti?"

"Pa wailesi."

Adandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Si inu nomwe mwatiuza m'mawa uno kuti mbewu tisamaiweruze poona chithunzi cha papaketi, koma tizikaiona kumunda? Nanga nyimbo ndiye mwaiweruza bwanji musanafike pamunda pake?"

Ndidasowa choyankha. Ndidalipira, tidalowa.

Oimba adali anyamata anayi. Banjo yawo idali ya chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Ng'oma ankaiponda ndi phazi, pamwamba pake pali waya wotungira zitsekerero za mabotolo. Koma chimene chidandigwira ndi babatoni, chibokosi chokuta ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokha. Mnyamata adachikhalira ngati wakwera bulu, ndipo atangokoka nsamboyo ndidamva benchi ikunjenjemera pansi panga, kulirako kukulowa m'chifuwa. Nyimbo zamtunduwu ndinkazimva zikuulutsidwa, koma chinthu chimenechi pa wailesi ndidali ndisanachimvepo.

Nyimbo yachitatu inkanena za mavenda amene amabwera ndi ndowa zofutukula kukamwa, zoti uthiramo kachewere wa ndowa imodzi ndi theka iwo n'kumati sinadzaze. Amayi amene adali kumbuyo kwanga ankaivomereza ndi mkwiyo weniweni, ena akuloza kumsika. Kenaka woimba uja adandiona, ndipo pomwepo adapeka ndime ya mlangizi wa nsapato zopukuta amene lole yamukana. Anthu onse adafa ndi phwete, inenso ndidaseka mpaka misozi.

Sindikunamizani kuti zonse zidakoma. Nyimbo ziwiri zidatalika mpaka kutopetsa, nsambo ya banjo idaduka kawiri, ndipo mmodzi mwa anyamatawo mawu ankamuthawa akakweza. Sindidatulukemo nditaiwala makaseti a ku Balaka. Chimene chidasintha n'chakuti ndidazindikira kuti mawu aja akuti "sindizikonda" ndinkawanenera chinthu chimene ndidali ndisanakumane nacho.

Kukonda kapena kuzolowera?

Tikamati timakonda woimba, nthawi zambiri timatanthauza kuti tidamuzolowera. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu adaziyesa zimenezi. Mu 1968 katswiri wina wa ku America, Robert Zajonc, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ankaonetsa anthu mawu ndi zilembo zachilendo zimene sankadziwa tanthauzo lake, zina kamodzi, zina kambirimbiri. Powafunsa pambuyo pake, anthuwo ankakondera zimene adaziona kawirikawiri. Palibe chidasintha pa zilembozo, kungoti maso adazizolowera. Khutu nalonso limatero, monganso lilime. Munthu wa kuno kwathu mukamuikira nsima ya kondoole ya ku Nkhata Bay tsiku loyamba amakankha mbale, koma akakhalako miyezi itatu amayamba kuifuna yekha.

Taganizirani mmene makolo athu adakondera oimba awo. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990 dziko lonse linkamvera wailesi imodzi ya MBC, ndipo Radio 2 idadzabwera mu 1997. Woulutsa mawu akaika nyimbo, ufune usafune unkaimva, pokhapokha utatseka wailesi. Motero munthu wa ku Ntcheu ankamva Allan Namoko wa ku Thyolo, a Kachamba a ku Chileka, makwaya a mipingo imene si yake, ndi nyimbo za ku Zaire. Sindikulakalaka masiku amenewo, poti wailesi imodzi yomweyo inkatsekanso pakamwa oimba ambiri. Komabe khutu linkakakamizika kulawa ndiwo za eni.

Lero mawailesi ndi ambirimbiri, ndipo nyimbo zili m'thumba. Timapita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika, n'kumutchulira maina a oimba athu asanu, iye n'kutidzazira memore kadi. Amene ali ndi foni za intaneti, makinawo amaona zimene munthu wamvera dzulo n'kumubweretsera zofanana nazo. Zotsatira zake n'zakuti pamene nyimbo zachuluka kuposa kale lonse, munda wa khutu la munthu mmodzi ukunka nuchepa. Pabwalo la zoimba pokha m'pamene patsala poti sungadumphe nyimbo ndi chala. Walipira, wakhala pansi, uimva mpaka ithe.

Zimene foni siinyamula

Sipika ya foni ndi yaing'ono ngati njere ya nyemba. Mawu a besi, monga a babatoni kapena a ng'oma yaikulu, amafuna chinthu chachikulu chokankha mpweya wambiri, ndipo kasipika koteroko sikangathe. Chimene chimafika kukhutu ndi mawu apamwamba okha, opyapyala, ngati munthu wakupatsani msuzi nyama n'kutsala mumphika. Nyimbo zathu zambiri mphamvu yake ili pansipo. Mukaziweruza pafoni, mwaweruza msuzi.

Ife a ku Ntcheu tisavutike n'kufuna chitsanzo kutali. Amene adaimapo ku Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano, madoda a Inkosi Gomani atagwira zishango n'kuponda pansi onse nthawi imodzi, akudziwa kuti ngoma imamvekera kumapazi isanafike kukhutu. Wina atakuuzani kuti ngoma saikonda chifukwa adaionera pafoni ya mnzake, mungamuseke n'kumuuza kuti abwere adzaone yekha. Tsono chilungamo chimene timafunira gule wathu, bwanji osachitirako nyimbo za anzathu?

Pabwalo mumaonanso manja. Mlimi amalemekeza ntchito akaiona ndi maso: mzere woongoka, mapando ofanana. Mukaona mtsikana akuimba maola awiri osapuma, kapena mnyamata phazi lili pang'oma, dzanja pansambo, pakamwa pali nyimbo, mumayamba kumupatsa ulemu ngakhale nyimbo yake isanakulowereni. Komanso mumakhala pakati pa anthu amene amamukonda kale, ndipo iwowo ndi amene amakusonyezani pali kukoma: pamene akuwira, pamene adzukira, pamene akhalira chete. Ndiponso bwalo silikondera munthu. Alipo oimba otchuka amene kompyuta ya mu situdiyo ndiyo imawakonzera mawu, ndipo amenewo akaima pamaso pa anthu mumaona nokha kuti chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene amaima ndi alendo

Pali chinthu chimodzi chimene chimandichititsa manyazi ndikamawerenga mbiri ya oimba a dziko lino. Daniel ndi Donald Kachamba ankaimba m'misewu ya mu Blantyre kuti apeze timakobiri, mpaka mu 1967 pamene Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wochokera ku Vienna, adaima n'kumvetsera. Patapita zaka zochepa anyamata a ku Chileka aja adakaimba ku Ulaya. Malawi Mouse Boys adali anyamata ogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu. Ian Brennan wa ku America adawajambula, chimbale chawo chidatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 adakaimba ku chikondwerero cha WOMAD ku England. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adatha zaka akuimba ndi babatoni m'misewu ya mu Lilongwe. Mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo adayamba kuitanidwa m'maiko a ku Ulaya.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Apa kalumo kake kadali kungoima ndi kutchera khutu kwa munthu wosatchuka, basi. Ife eni dziko kawirikawiri timadikira kuti akunja ayambe aomba m'manja, ndipo pamenepo m'pamene timati, "Ameneyu ndi wathu." Ndi angati a ife amene tidagulapo mbewa pamsewu osafunsa n'komwe kuti anyamatawo madzulo amachita chiyani?

Onaninso za Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu. Achinyamata ambiri ankangomutenga ngati gogo wa nyimbo zakale. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala naye pansi n'kuimba naye limodzi nyimbo zake, ndipo pambuyo pake Linny Hoo idafalikira pa intaneti mpaka maiko akutali. Nyimboyo idalipo kale, gogoyo adalipo kale, akuimba ndi gitala yake kwa zaka makumimakumi. Chidasowa ndi makutu. Ngakhalenso Alleluya Band imene idandilera ine idayamba mu 1978 ngati gulu la achinyamata a pa parishi ya Balaka, ndipo padayenera kupezeka anthu oyamba kukhala pansi n'kumvera ana osadziwikawo. Woimba aliyense amene mumamukonda lero, tsiku lina adali dzina lachilendo papepala.

Pakhomo ndiye pamsika pawo

Tsopano tikambe za ndalama, poti mlimi sakhutira ndi nkhani yopanda masamu. M'nthawi ya makaseti woimba ankatengera nyimbo zake kwa ogulitsa monga O.G. Issa, makaseti n'kumagulidwa m'dziko lonse, iye n'kupezapo kenakake. Msika umenewo udatha. Nyimbo imatuluka m'mawa, pofika madzulo ili m'mafoni a anthu amene sadalipire kanthu kwa mwini wake. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama za oimba kwa mawailesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, koma mnyamata wa kumudzi amene nyimbo zake siziulutsidwa paliponse alibe choti akatengeko. Kwa iye msika ndi mbale ija ya pakhomo.

Ife alimi tikudziwa kuwawa kwake pamene wogula adutsa mulu wako osauyang'ana n'komwe chifukwa adazolowera kugula kwa uje. Ukudziwa kuti kabichi wako ndi wabwino, ukungofuna kuti aime, agwire, aone. Tikamasungira ndalama yathu yonse oimba atatu kapena anayi otchuka ochokera m'tauni, tikuchita zomwezo kwa ana a m'midzi mwathu. Ndipo taonani kumene ndalamayo imapita. Woimba wamkulu akabwera, zambiri za pakhomo zimakwera naye galimoto usiku womwewo. Anyamata a pamudzi akaimba, ndalama imatsala kwa mayi wa zitumbuwa, kwa wakabaza, ndi kwa wowotcherera zitsulo amene awakonzere chopondera ng'oma.

A malume ndi "phokoso"

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Monga mmene ine ndinkanyozera banjo, a malume anga amanyoza nyimbo za achinyamata a masiku ano, zija zolankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma za pakompyuta. Iwo amangoti phokoso. Mdzukulu wawo, mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 n'kungokhala pakhomo, amaimba zomwezo, ndipo pakhomopo idali nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Tsiku lina achinyamata adakonza zoimba masana muholo ya sukulu ina, mnyamatayo ali pamndandanda. Ndidapita kukawatenga.

"A malume, tiyeni mukangokhalako ola limodzi. Ya pakhomo ndilipira ine."

"Mphwanga, ukufuna ndikagonthe makutu ndi ukalamba uno?"

Adapita, mwina pongondichitira ulemu. Adakhala kumbuyo, manja atapinda, chipewa chili pamaso. Mdzukulu uja atakwera, nyimbo yake inkanena za mnyamata amene walima zaka zitatu osaona phindu, wagulitsa njinga mobisa, akusonkhanitsa ya basi ya ku Joni, ndipo akusowa poyambira kuwauza agogo ake. Ndidaona a malume akukankhira chipewa kumbuyo. Pobwerera tidayenda mtunda wautali osalankhulana. Kenaka adati, "Ng'oma zakezo sindidazimve kukoma ngakhale pang'ono. Koma njinga ija ine ndimayesa idabedwa."

Usiku umenewo adakhala pansi ndi mdzukulu wawo koyamba patapita miyezi. Zimene adagwirizana ndi za banja, sindizilemba pano. Ndingoti achinyamata akunena zambiri m'nyimbo zimene akuluakulu akuzitcha phokoso, za ulova, za ngongole, za minda imene ikunka nichepa pogawana, ndipo akuzinena pamaso pa anzawo okhaokha chifukwa akuluakuluwo safikako. Mpaka lero a malume nyimbozo sazikonda. Koma adamva.

Zodandaula zilipo, ndipo n'zoona

Wina ati, "Alangizi, mukutituma kumadansi kumene kumatha ndalama za feteleza ndi mabanja." Ndikuvomera kuti ngozi imeneyo ilipo. Tonse tikuwadziwa abambo amene adagulitsa kachewere wa ngolo yathunthu, n'kupita kudansi ya usiku, n'kubwerako m'mawa ndi fumbi lokha, ndipo mvula itagwa iwo ali paganyu m'minda ya anzawo. Kumadansi a usiku kuli mowa, ndewu, opisa m'matumba ndi matenda. Koma tikawerengera bwino, mbale ya pakhomo imatenga zochepa, zambiri zimathera pa zimene zimagulidwa m'katimo. Ndipo abambo oterewa nthawi zambiri amakhala atapita kwa woimba amene amamukonda kale.

Wina ati chikhulupiriro chake sichimulola. Ameneyo sindikumukakamiza kuti aphwanye lamulo la mpingo wake. Koma kodi wa CCAP adakhalapo pansi kumvera kwaya ya Akatolika ndi ng'oma zake ku Nzama, mishoni imene yakhala pakati pathu chiyambire 1901? Wa Katolika adamvapo anyamata anayi a Seventh Day akuimba popanda chida chilichonse? Nanga Mkhristu adaimapo n'kumvera sikiri ya abale athu Asilamu a ku Balaka? Zoimba za makwaya zimachitika masana, mowa kulibe, ndipo phunziro lake ndi lomweli.

Wina ati, "Nanga ndikalipira n'kukapeza zosakoma?" Zimachitika. Ine ndidalipirapo pa boma pano kwa woimba wina amene pepala lake lidati ayamba 2 koloko masana. Adafika dzuwa litalowa, adaimba nyimbo zinayi motsatira zojambula kale za pakompyuta, jenereta n'kuzima, zonse n'kuthera pomwepo. Ndidabwerera ndi mkwiyo. Komatu ndi kangati tidayesa mbewu yatsopano n'kukhumudwa nayo, osasiya kuyesa ina chaka chinacho? Pa maulendo anga otere, ena ndidadandaula, ena ndidangoti zinali bwinoko, koma alipo awiri kapena atatu amene ndidzawakumbukira moyo wanga wonse, ndipo onsewo adali a oimba amene sindikadawasankha ndekha.

Mmene mungachitire

Choyamba, mbewu, feteleza ndi fizi zikhale zitagulidwa, kapena ndalama yake ikhale m'manja mwa akunyumba kapena kubanki nkhonde. Ya zoimba isapose mtengo wa ndowa imodzi ya kachewere, ndipo munyamule yokhayo.

Chachiwiri, sankhani za masana, ndipo mupite ndi akunyumba ndi ana okulirapo. Pobwerera mudzakhala ndi chokambirana, ngakhale mutasemphana maganizo.

Chachitatu, fikani msanga. Woimba wotchuka akabwera, amayamba kukwera ndi achinyamata osadziwika otsegulira bwalo, ndipo ambirife timafika iwo atatsika kale. Ndalama mwalipira ndi yomweyo, amvereni.

Chachinayi, khalani poti muziona manja a oimba, koma patali ndi zimkuzamawu, makamaka ngati muli ndi mwana. Makutu akamalira mutatuluka ndiye kuti mwawapweteka. Foni ikhale m'thumba, ndipo musaweruze nyimbo zitatu zisanathe, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, ngati ndalama palibe, zaulere zilipo: maukwati, zikondwerero za makwaya, masiku a msika. Ife tili ndi mwayi woti m'madera a Biriwiri ndi Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo abale athu a ku Angonia ali ndi oimba awo amene amaimba chilankhulo chathu chomwechi koma ndi kakomedwe kena. Kwa amene angathe ulendo wa ku Dowa, ku Dzaleka kudayamba mu 2014 chikondwerero cha Tumaini, cholowa ulere, chosonkhanitsa oimba othawa kwawo a ku Congo, Burundi ndi Rwanda pamodzi ndi Amalawi.

Chaka chatha ndidapitanso kwa alimi aja a ku Tsangano, ndipo nditamaliza za mbewu ndidafunsa wapampando za anyamata anayi aja. Adanditengera kuseri kwa nyumba ina. Babatoni ija idali pakhonde, nsambo itaduka, chikopa chitang'ambika, nkhuku ikuikira mazira m'bokosimo. Awiri adapita ku Joni, mmodzi akupalasa kabaza pa boma, wa banjo yekha ndiye adatsala, akulima.

"Anthu ankabwera ochepa, alangizi," adatero bambo aja. "Ankati akudikira oimba enieni."

Sindikunena kuti anyamatawo akadakhala a Kachamba ena. Mwina ayi. Koma sitidzadziwa, ndipo mudzi umene udali ndi nyimbo yakeyake yodzudzula ndowa za mavenda tsopano ukumvera za m'memore kadi ngati wina aliyense. Choncho mukadzaona pepala pamtengo chaka chino, dzina lake lachilendo kapena la uja mumamupukusira mutu, mudzadzifunse funso la bambo aja: ndidamumvera kuti? Ngati yankho lili loti pafoni kapena pa wailesi ya m'minibasi, lipirani, lowani, khalani pansi. Mukatuluka musanamukondebe palibe mlandu. Pamenepo mukadzanena kuti simumukonda tidzakukhulupirirani, poti mwafika pamunda.